Nsangalabwi za Pakhomo pa Amayi

Tsiku limene atate anandifunsa za nsangalabwi ndinali kuseri kwa nyumba, ndikusenda kachewere.

"Monika! Iwe wa sukulu, tabwera kuno."

Ndinawapeza ataima pakhomo, chingwe cha khonje chili m'manja. Anali atakhoma kale zikhomo m'mizere iwiri, kuchokera pakhonde mpaka kumsewu wa ngolo umene umadutsa kumunsi kwa nyumba yathu.

"Ndikufuna kuthira timiyala m'njira muno," anatero. "Undiwerengere. Zikufunika wilibala zingati?"

Ndiyambe ndafotokoza mmene zinthu zinalili, chifukwa funsoli silinali la masamu okha.

Amayi anamwalira mu Juni, nthawi ya chisanu chija cha kuno ku Bembeke, choti madzi a m'ndowa amaluma zala. Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba mutu uli wometa. Maina a osankhidwa atatuluka, langa panalibe. Mnzanga Susan, amene tinkakhala benchi imodzi, anapita ku sekondale ndi sutikesi yachitsulo, ndipo achimwene anga anali kale ku esiteti ya fodya ku Kasungu. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi atate, tonse anthu osadziwa kuyamba nkhani.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Atate, a Zefaniya, kwawo ndi ku Kasina, ndipo m'mudzi muno anabwera ngati mkamwini ine ndisanabadwe. Nyumba anamanga okha, mapichesi anabzala okha, koma dothi lake ndi la amayi ndi abale awo. Mkazi akamwalira, akuchikazi amaitana ankhoswe a mbali zonse n'kumusudzula mwamunayo, ndiye kuti kumumasula kuti abwerere kwawo. Ana satsatira. Ife ndife a m'mudzi muno, ndipo wotiyang'anira ndi atsibweni a Rafaelo, mlongo wawo wa amayi.

Atsibweni ankafuna kuti mwambowo uchitike msanga. Atate anapempha chinthu chimodzi chokha. Pakhomo pathu dothi ndi lofiira, la katondo, ndipo dzinja likafika pamaterera ngati pathiridwa therere. Chaka china amayi anagwa pomwepo ndi ndowa pamutu, n'kubinya mwendo. Atate, amene ankagwira ntchito yokonza misewu ya ku folesiti m'Phiri la Dedza, anawalonjeza njira ya timiyala ngati ya ku mishoni. Zaka zinapita, amayi anadwala, atate anasiya ntchito kuti aziwasamala, ndipo njira ija sinakonzedwe.

"Ndingomaliza chimene ndinamulonjeza," anawauza atsibweni. "Ikatha njira, mundisudzule."

Atsibweni anavomera. Ine ndinamva ndili kukhitchini. Choncho pamene atate ankandifunsa kuti wilibala zingati, m'makutu mwanga funso linali lakuti atate atsala nane mpaka liti.

Ndinatenga rula yanga ya kusukulu n'kumanga mfundo pachingwe chija, mita iliyonse mfundo yake. Atate anagwira nsonga ina pakhonde, ine n'kumapita nacho kumsewu.

"Mamita anuwa," anatero. "Ife tinkayeza mayadi, msewu n'kuwongoka bwinobwino."

Aphunzitsi anatiphunzitsa kuti ukafuna kudziwa zimene zingadzaze dzenje, umachulukitsa mulitali ndi mulifupi ndi kuya kwake. Vuto linali wilibala, imene atate anabwereka kwa mnzawo wa ku folesiti, a Petulo. Wilibala si bokosi, ilibe ngodya zoti n'kuyeza. Ndinaganiza kwa kanthawi, kenako ndinatenga debe la palafini lolembedwa malita ake pambali, n'kumathira mchenga m'wilibalamo mpaka itadzaza. Analowa madebe atatu. Atate anandiyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono, ndipo ndinamva kukoma, chifukwa chitulukire maina aja panalibe munthu amene anandiyang'anapo choncho.

"Nanga timiyalato tiunjikane bwanji?" ndinafunsa.

Anasanja zala zitatu.

Ndinakhala pansi n'kulemba padothi ndi kamtengo. Ndinabwereza kawiri. Yankho linali lomwelo.

"Makumi awiri ndi zisanu, atate."

"Basi? Ndiye mwezi uno sutha, tikhala tamaliza."

Ndinayang'ana manambala aja. Sindinawalakwitse, koma ndinalakalaka ndikanawalakwitsa. Ine sindine munthu wotsutsana ndi akuluakulu, ngakhale m'kalasi sindinkakweza mkono. Koma tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Zala zitatu sizichepa? Nkhuku zizipalasa."

"Ukuti zingati?"

"Chikhatho chonse."

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ine maso pansi.

"Chikhatho chonse," anatero. "Werengeranso."

Zinatsala pang'ono kufika makumi asanu. Ndinanenanso kuti njirayo ndi yopapatiza, anthu awiri sangapatukirane. Atate anazula zikhomo za mbali imodzi n'kuzisuntha.

Nsangalabwi tinkakazitenga m'chigwembe cha m'munsi mwa kaphiri, kuseri kwa madimba. Atate ankakumba ndi piki, ine n'kumasefa pa waya wa khola la nkhuku amene tinamukhomera pa mitengo inayi. Dothi linkagwera pansi, timiyala n'kutsala pamwamba. Ntchitoyo ndi yochedwa. Pofika madzulo m'mphuno mumatuluka zofiira zokhazokha, ndipo wilibala yake inali yolira tayala, moti mudzi wonse unkadziwa kuti a Zefaniya ndi mwana wawo akukwera chitunda.

Tinkalankhula za miyala basi. "Izi zachuluka dothi." "Kankhira kumanzere." "Pumula." Mawu amene ndinali nawo pakhosi anali amodzi okha, akuti musapite, koma mwana wamkazi sayamba nkhani yotere kwa atate ake. Zotere zimadzera kwa amayi, ndipo amayi anali kumanda a ku mishoni. Nthawi zina tikakhala pamthunzi kutafuna chimanga chokazinga, atate ankatsegula pakamwa ngati anena kanthu, kenako ankangoti, "Mawa tiyambe mamawa, dzuwa lisanakwiye."

Amayi aang'ono, a Bernadetta, ankadutsa pakhomo popita kudimba, ndipo sadutsa osasiya mawu.

"Alamu, kodi kukubwera abishopu?"

"Ayi, mlamu."

"Dzulo a Yufi, anyamata a chipani aja, anandiimitsa pamsika. Ndimati akufuna khadi ya chipani, ndayamba kale kumasula pansonga ya chitenje, koma iwo akuti, mayi, kodi kwanu kuja akumanga ofesi ya chipani?"

Atate anaseka pang'ono. Amayi aang'ono anatembenukira kwa ine.

"Iwenso, namwali wathunthu, manja ngati khungwa la paini. Adzakufunsira ndani? Wilibala?"

Ndinangoweramira pa sefa. Sankanena mwankhanza. Madzulo ake anatitumizira ndiwo za kabichi ndi mwana.

Njira itayandikira kumsewu, ndinayamba kusowa mtendere. Ndikadzuka ndinkayamba ndayang'ana kachigawo kotsalako, n'kuona kuti kafupika. Tsiku lina tikutsitsa wilibala ndinati, "Atate, kukhitchini nakonso kumaterera."

"Kumaterera," anavomera. "Yeza."

Titamaliza ya kukhitchini, iwo eni anati, "Nanga kubafa?" Ndinathamangira chingwe asanamalize n'komwe. Ndinkaganiza kuti ndikuwachenjerera, kuti iwo akungotsatira masamu a mwana wa sukulu. Okutobala anatipeza tikadali m'chigwembe, anzathu onse ali m'minda kukunga mizere.

Kenako kunagwa chizimalupsa, mvula ija yoyamba imene imabwera kudzazimitsa moto wa m'tchire. Inayamba masana, yamphamvu, ndipo inagwa mpaka tinasiya kumvana m'nyumba. Itakata ndinatuluka. Njira yathu inali itasanduka phala. Ndikaponda, timiyala tinkalowa pansi, matope ofiira n'kutumphukira pakati pa zala. Pena pamene tinathira chikhatho chonse panangotsala timiyala towerengeka, toyang'ana kumwamba ngati maso a achule.

Ndinabwereza masamu anga m'mutu. Sanali olakwa. Kungoti dzenje la m'buku la kusukulu pansi pake ndi polimba ngati bokosi, silimeza zimene wathiramo. Dothi la kwathu limameza. Zimenezo aphunzitsi sananene, ndipo ine sindinaziganizire.

Ndinachita manyazi, koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe chimene ndinachita nacho mantha. Ntchito yonse inafunika kuyambiranso.

M'mawa mwake kunabwera atsibweni a Rafaelo, atavala majombo awo a kudimba. Anayenda m'njiramo pang'onopang'ono kuchokera kumsewu, akuponda mwadala, n'kumayang'ana mmene jombo likulowera. Ndinawapatsa mpando pakhonde, ndinawalonjera nditagwada, kenako n'kukakhala kukhitchini. Chitseko cha khitchini yathu sichitsekeka bwino.

"Alamu," anayamba atsibweni, "munakonza misewu ya m'phiri muja zaka zingati?"

"Zambiri ndithu."

"Malole a matabwa amadutsamo dzinja lonse, osatitimira."

"Amadutsa."

"Ine ndine mlimi wa kachewere, za misewu sindizidziwa. Koma ndinakuonanipo tsiku lina mukugwira. Pansi munkayamba ndi miyala ikuluikulu, n'kusinja, timiyalati n'kubwera pamwamba. Kapena maso anga ananama?"

"Sananame."

"Nanga pano?"

Ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri, ndi mwana wina akulira kutali.

"Ndinaiwala," anatero atate.

"Munaiwala." Atsibweni anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu wotopa. "Alamu, tisanamizane, tonse ndife a imvi. Ine sindikukupirikitsani. Mlongo wanga munamusunga bwino, mudzi wonse unaona. Ena akanathawa matenda aja, inu munachapa ndi nsalu zomwe. Koma munda uja wa mlongo wanga tapereka kwa mwana wa Bernadetta, mwamuna wake wagalauza kale. Monika azidya kwa mayi ake aang'ono, ameneyo musamudere nkhawa. Nanga inu? Alongo anu ku Kasina atumiza mawu kawiri, akuti munda wanu uli tchire, mbewa zikuchitiramo misonkhano. Mvula yobzalira ikakupezani kuno, chaka chamawa mudzadya chiyani? Nsangalabwi?"

"Ndamva, alamu."

"Komanso simunakalambe kwenikweni. Tsiku lina mudzafuna wokuphikirani. Mudzamulowetsa m'nyumba ya mlongo wanga? Anthu adzatiseka tonse."

"Zimenezo sindikuziganiza."

"Lero simukuziganiza." Mpando unalira, atsibweni akudzuka. "Mawu anga sindibweza. Ndinati ikatha njira, ndipo ndidikira. Koma mvula sinalonjeze kanthu kwa munthu."

Atapita, ndinakhalabe kukhitchini kuja, mpeni uli m'manja, osasenda kanthu. Atate ankadziwa chiyambire. Tsiku lija ndinkati chikhatho chonse, iwo ankadziwa kuti ngakhale mkono wonse dothi likanameza. Tinali tikukankha wilibala imodzi, aliyense akubisira mnzake chinthu chomwecho. Ndinafuna kuthamanga kukawagwira mwendo ngati kamwana. Koma mawu a atsibweni anali atandilowa ngati minga. M'maganizo ndinaona atate ali ku Kasina mu Febuluwale, nkhokwe ili mbee, akupempha ufa kwa alongo awo, akugwira ganyu m'minda ya ana aang'ono kwa iwo. Munthu amene sanapemphepo mchere kwa mnansi.

Dzuwa litapendeka anandiitana. Chingwe chija chinali m'manja mwawo.

"Wamva zimene anena atsibweni ako?"

"Ndamva."

"Ndiye tiyambiranso, mwa dongosolo lake. Tifukule zonsezi, tikumbe, tiyale miyala ikuluikulu pansi. Werengera. Ya pansi ndi ya pamwamba yomwe."

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana mtengo wa pichesi.

Ndinafunsa kuya kwa miyala ya pansi, anandionetsa ndi dzanja. Ndinakhala pansi n'kulemba. Ndinawonjezapo zimene dothi lidzameze, ndi zimene zidzatayike pofukula. Manambala anakwera mpaka kupitirira zana. Pa liwiro lathu lija, ntchitoyo ikanatifikitsa ku Khirisimasi, chimanga cha anthu chili m'mawondo. Ndikanangotchula nambalayo n'kutseka pakamwa, atate akanati chabwino, ndipo m'mawa tikanalawirira kuchigwembe.

"Zipitirira zana, atate."

"Zana." Anapumira m'mwamba. "Chabwino."

"Koma zimenezo ndi zanga."

Apa m'pamene anatembenuka.

"Mundionetse pakhonde pano pokha mmene amayalira," ndinatero. Ndinkalankhula ndikuyang'ana kamtengo kanga. "Kotsalako ndimaliza ndekha, pang'onopang'ono. Sukulu ndilibe. Inu mukalime."

"Wilibala ya miyala ikuluikulu suitha pachitunda paja."

"Ndizithira theka."

"Ndinalonjeza mayi ako ndine."

"Adzaona kuti mwayamba ndinu."

Anakhala pansi pambali panga, padothi lonyowa lomwelo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anatenga kamwala kamodzi n'kumakatembenuza m'manja. Ndinkadikira kuti akane. Mbali ina ya mtima wanga inkapemphera kuti akane.

"Miyala ya pansi," anatero potsiriza, "suigoneka chafufumimba. Umaiimika, nsonga kumwamba, yothinana ngati mano. Bwera ndi khasu."

Tinagwira pakhonde paja mpaka chigawo chake chitatha. Sindikumbuka nthawi ina imene atate anandilankhula mawu ambiri ngati masiku amenewo. Anandionetsa kukumba mpaka kupeza dothi louma, kusiya pakati potukuka kuti madzi azithawira m'mbali, kutseka mipata ndi miyala yocheperapo, ndi kusinja ndi chipika cha bulugamu mpaka chipikacho chizidumpha chokha. Ndikalakwitsa ankazula mwalawo n'kundipatsanso m'manja. Anandiuza za msewu wina wa pamwamba pa phiri umene anaukonza m'nkhungu yoti mnzako sumuona, ndi za tsiku limene anaona amayi koyamba, akugulitsa mapichesi kwa anthu a m'basi. Nkhani imeneyo anaidula pakati, n'kunena kuti ndithire madzi pamene tasinjapo.

Mwambo unachitika Loweruka. Kunabwera ankhoswe awiri a ku Kasina, n'kukhala pamphasa pansi pa mapichesi pamodzi ndi a kwathu. Sizinatenge nthawi. Atsibweni anayamikira atate, ananena kuti palibe mlandu uliwonse pakati pathu, ndipo anamaliza ndi mawu akuti, "Takumasulani. Pano mukabwera, mubwera ngati mlendo wathu wolemekezeka." Anthu anaomba m'manja mwaulemu. Amayi aang'ono, amene ndimayesa aponyapo nthabwala, analira mpaka anachoka pamphasapo.

Atate anamangirira bulangete, zovala ndi piki panjinga. Fosholo anaisiya. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu waukulu, iwo akukankha njinga, ine m'mbuyo ndi kathumba ka mbewu ya nyemba kamene amayi aang'ono anawapatsa. Pamphambano anandilandira kathumbako.

"Wilibala ukabweze kwa a Petulo ukamaliza. Uwathokoze."

"Ndikabweza."

"Usamanyamule yodzaza."

"Iyayi."

"Ndidzabwera pa Pasaka, chimanga chikakhwima."

"Muyende bwino, atate."

Anakwera njinga. Poyamba inagwedezeka chifukwa cha katundu, kenako inawongoka. Ndinaima pomwepo mpaka atalowa kuseri kwa mitengo ya paini. Mvula yobzalira inagwa sabata yotsatira, ndipo munthu wina wochokera ku Kasina anatiuza kutchalitchi kuti inawapeza atakunga theka la munda. Theka ndi chakudya ndithu.

Ine ndimagona kwa amayi aang'ono, koma masana ndimakhala kuno, chifukwa nyumba yopanda utsi imagwa msanga. Njira ndinaimaliza dzinja lili pakati, theka la wilibala nthawi iliyonse. Masamu anga achiwiri aja sanaphonye kwambiri, zinangotsalako pang'ono zimene ndinathira pansi pa thandala la mbale. Ya kubafa ndinaisiya, sindinaione chifukwa chake. Mvula yagwa yambiri chaka chino ndipo njirayo sinatitimire.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nsangalabwi zoyalidwa pa miyala yolimba zimalankhula. Munthu akangopatuka kumsewu, ndimamva ndili m'nyumba. Ndazolowera kale mapazi a anthu. Atsibweni amaponda mwamphamvu ndi majombo awo, amayi aang'ono amakwekwereza patapata, ana amathamanga, galu wa kwa a Petulo amangoti tswa tswa n'kubwerera. Nthawi zina kumamveka mapazi achilendo, olemera, osafulumira, ndipo ndimasiya chimene ndikuchita n'kumvetsera. Mapazi a atate panjira imeneyi sindiwadziwa, chifukwa pamene ankachoka inali ikadali matope. Ndiye mlendo aliyense amakhala iwo mpaka atafika pakhonde n'kunena odi.

Dzulo anali munthu wogulitsa mipini. Ndinamuuza kuti eni nyumba kulibe, koma anapempha madzi akumwa, ndipo ndinamupatsa. Akumwa anayang'ana njira ija n'kufunsa kuti anakonza ndani.

"Atate," ndinatero. "Ine ndinangomaliza."

Anabweza chikho, anasenza mipini yake, n'kupita. Ndinamumvetsera mpaka atafika kumsewu.